Mpamba, Phindu ndi Phukusi: Kuunika Mawu a Zachuma Omwe Akumveka ku Mitundu ndi ku Nathenje

Koleji ya Bunda, yomwe ili pafupi ndi msika wa Mitundu m'boma la Lilongwe, idayamba kuphunzitsa zaulimi m'zaka za m'ma 1960 pansi pa Yunivesite ya Malawi, ndipo kuyambira mu 2012 ndiyo likulu la yunivesite yoima payokha ya LUANAR. Pakati pa maphunziro a pakolejipo pali a zachuma cha ulimi ndi a kayendetsedwe ka malonda a zaulimi. Wophunzira wotenga maphunziro amenewa amakumana ndi mfundo zomwenso anzake a zamalonda ku MUBAS, mumzinda wa Blantyre, amazama nazo: momwe munthu angaikire ndalama pamalo poti zibale, momwe angayezere chimene zabala, ndi momwe angagawire chuma chake kuti tsoka limodzi lisachisese chonse. Zonsezi amaziphunzira m'Chingerezi, ndipo mayeso ake amalemba m'Chingerezi.

Nkhani ino sikupempha kuti mabuku a kuyunivesite atanthauziridwe m'Chichewa mawa lino. Ikuunika chinthu chocheperapo, koma chosayenera kuchizengereza. Wophunzira uja akamaliza maphunziro amapeza ntchito kubanki, kubungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama, kapena kubungwe lothandiza alimi, ndipo tsiku lina amaima pamaso pa alimi a ku Nathenje kuti awafotokozere zomwe adaphunzira. Pamenepo amatola mawu alionse omwe amufikira pakamwa. Mawu omwewo ndiwo amamveka pawayilesi ndi kulembedwa m'timapepala todziwitsa anthu za ndalama. Ambiri mwa mawuwa ndi Chichewa chabwino ndithu, ndipo palibe mkonzi angawadule. Vuto lake n'lakuti amanena chinthu china, osati chomwe wophunzira uja adalembera mayeso.

Mpofunika kukumbukira kuti mawu a nkhani zimenezi adafika m'dziko muno pa nthawi yovuta. Bungwe la Chichewa, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1972, lidathetsedwa mu 1995, ndipo ntchito yake idapita ku Centre for Language Studies ku Zomba mu 1996. M'chaka chomwecho cha 1996, mu Novembala, msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange udayamba malonda ake ku Blantyre ndi kampani imodzi yokha ya NICO. Choncho mawu a pamsika umenewu adalowa m'Chichewa aliyense ndi khomo lakelake.

Mneni woyamba kuunikidwa ndi "kusunga". Iyeyu akusenzetsedwa katundu wa anthu awiri. Alembi ambiri akafuna kunena chomwe Chingerezi chimati saving amalemba kuti kusunga ndalama, ndipo apa alondola. Koma akafika pa investment amabwerezanso kusunga komweko, kapena amasintha mneniyo kukhala "kusungitsa". Tsono kusungitsa, womwe ndi msintho wochititsa, kuli ndi lonjezo mkati mwake. Munthu akasungitsa njinga kwa mnansi wake amayembekeza kudzaipeza momwe adaisiyira, yosachepa ndi yosachuluka. Lonjezo limeneli ndi loona pa ndalama za m'buku la kubanki, koma ndi labodza pa masheya, pa sitolo, ngakhale pa ng'ombe zogula kuti zidzagulitsidwe zitanenepa. Wolemba kuti anthu "asungitse ndalama zawo m'masheya" walonjeza chinthu chomwe kampani yogulitsa masheyawo sidalonjeze.

Ena adayesa "kubzala ndalama". Fanizoli ndi lokoma kwa mlimi, chifukwa amadziwa kuti mbewu imatha kumera kapena kuolera m'nthaka. Komatu mawuwa adatengedwa kale ndi alaliki ena ponena za chopereka, ndipo mnzake wa mawuwa, "kuchulukitsa ndalama", ndi chilankhulo cha akamberembere omwe amauza anthu kuti ndalama zibereka usiku umodzi. Mphunzitsi wa zachuma sangafune kukhala pa mphasa imodzi ndi anthu amenewa.

Mawu oyenera ali pamsika wa Mitundu kale, ndipo sadapekedwe ndi katswiri aliyense. Mawuwa ndi "mpamba". Mayi wopikula mtedza kapena nyemba amadziwa kusiyanitsa mpamba ndi chomwe mpambawo wabala. Amadziwa kuti wamalonda wosasamala "amadya mpamba", kuti mpamba "umagwa", ndiponso kuti mpamba wogona m'nyumba subala kanthu. Mfundo zitatu zoyambirira za phunziro lonse zili m'mawu amodzi amenewa. Motero investment akhoza kukhala "kuika mpamba", ndipo munthu wochita zimenezi ndi "woika mpamba". Dzina lachiwirili lili ndi ubwino wina. Atolankhani adazolowera kumutchula munthu wotere kuti mpondamatiki, kapena kumufotokoza ngati mlendo wochokera kunja wodzatsegula fakitale, kotero kuti mphunzitsi wa kupulayimale sadziona kuti nkhaniyo ikumukhudza. Chonsecho lamulo la penshoni lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2011 lidalamula kuti wolemba ntchito azipereka 10 pa 100 ya malipiro ndipo wogwira ntchito azipereka 5 pa 100, ndipo ndalama zimenezi makampani a penshoni amakagulira masheya, nyumba zobwereketsa ndi zikalata za ngongole za boma. Ogwira ntchito ambiri ndi oika mpamba kale, kungoti sadauzidwe m'chilankhulo chawo. Chokhumudwitsa pang'ono n'chakuti achinyamata ena akamva "mpamba" amaganiza za ndalama za pafoni za kampani ya TNM. Mlembi angathane nazo polemba dzina la malondalo ndi lemba lalikulu, ndi kusiya mpamba weniweni ndi lemba laling'ono.

Mawu obwereka akuti "sheya" ndiwo ofunika kukhalapo nthawi yaitali, pakuti ndi pamene pali ngozi yaikulu. Pa kalembedwe palibe chovuta kwenikweni. Mawuwa adakhazikika, ndipo amatsata njira ya banki ndi mabanki, kampani ndi makampani: sheya imodzi, masheya awiri. Kulemba "ma sheya" motalikitsa, kapena kuphatikiza "ma-" ku mawu a Chingerezi osasinthidwa, ndi ulesi wa mkonzi basi. Chimodzimodzinso "banki m'khonde" iyenera kulembedwa ndi nkhodolero, popeza pali lemba lomwe lachotsedwa pa "mu", ngakhale kuti m'manyuzipepala amailemba m'njira zitatu kapena zinayi.

Ngozi ili pa tanthauzo. Anthu a m'midzi ya ku Mitundu ndi ku Nathenje sadamvere mawu oti sheya kumsika wa ku Blantyre. Adawamvera ku banki m'khonde, njira yosungira ndi kubwerekana ndalama pagulu yomwe bungwe la CARE lidayambitsa ku Niger mu 1991 ndipo idafalikira m'maiko ambiri a mu Africa. M'magulu otere sheya ndi muyeso wa ndalama womwe mamembala agwirizana poyamba. Pa msonkhano uliwonse membala amagula sheya imodzi kufikira zisanu. Mtengo wake susintha mpaka chaka cha gululo chithe. Membala sangagulitse sheya zake kwa munthu wodutsa m'njira. Ndipo pakutha pa chaka, kawirikawiri cha mu Disembala pamene feteleza ndi zovala za ana zikufunika, bokosi limatsegulidwa, aliyense n'kulandira ndalama zake zonse pamodzi ndi gawo lake la chiwongoladzanja.

Sheya ya pamsika wa masheya imasiyana ndi imeneyi pa mfundo iliyonse. Mtengo wake umakwera ndi kutsika. Kampani sibweza ndalama kwa mwinisheya pakutha pa chaka. Wofuna ndalama zake ayenera kupeza wogula kudzera kwa mkhalapakati wovomerezeka, pa mtengo wa tsiku limenelo. Mu 2020 kampani ya Airtel Malawi ndi banki ya FDH zidagulitsa masheya kwa anthu wamba, yoyambayo pa K12.69 ndipo inayo pa K10 sheya imodzi, ndipo uthenga wake udafika kutali ndi mizinda. Membala wa banki m'khonde womva uthenga wotere ali ndi chifukwa chomveka chofunsira kuti kugawana kudzachitika mwezi uti. Funso lakelo si la umbuli. Wamva mawu omwe amawadziwa, ndipo wawamva molondola monga mwa Chichewa cha kwawo. Wolakwa ndi mlembi amene sadawonjezepo kanthu. Mawu oti sheya sangachotsedwe mbali iliyonse, pakuti adamera mizu. Chotheka n'chakuti mlembi asawasiye okha poyamba kuwatchula: alembe "sheya ya m'kampani", n'kunena m'chiganizo chimodzi kuti ndi gawo la umwini wa kampaniyo, lomwe limagulitsidwa koma silibwezedwa.

Mawu oti "phindu" nawo akudwala nthenda ya kusunga. M'timapepala tambiri phindu ndi ndalama yomwe banki imapereka kwa wosungitsa, ndi yomwe kampani imagawira eni masheya, ndi kukwera kwa mtengo wa sheya, ndiponso zonsezi pamodzi. Wophunzira wa zachuma amadziwa kuti izi ndi zinthu zinayi, ndipo akazisokoneza pa mayeso amalephera. Woweta mbuzi amazisiyanitsanso. Mbuzi ikaswa, mwini wake wapeza kamwana ndipo make akadalipo m'khola. Mbuzi ikakwera mtengo, mwini wake sadapeze kanthu kufikira atapita nayo kumsika, ndipo ikhoza kufa kapena kubedwa asadafike. Akuluakulu adanena kale kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Pamenepa Chichewa sichikusowa mawu. Ndalama ya pa ngongole ndi chiwongoladzanja, kaya wolandira ndi banki kaya ndi munthu wobwereketsa boma. Yogawidwa ndi kampani ndi "gawo la phindu". Inayo ndi "kukwera mtengo", ndipo sayenera kuitcha phindu mpaka chinthucho chitagulitsidwa.

Palinso kusiyana kwina komwe alembi amakudumpha, chonsecho m'dziko muno ndiko kwasaukitsa anthu ambiri osunga ndalama mokhulupirika. Ndalama ya kwacha itasiyidwa kuti ipeze yokha mtengo wake mu 1994, mitengo ya zinthu idakwera ndi zoposa 80 pa 100 m'chaka cha 1995. Kwacha idatsitsidwanso mphamvu mu Meyi 2012, kenaka ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022 ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo m'miyezi yambiri ya 2024 mitengo inkakwera ndi zoposa 30 pa 100 poyerekeza ndi chaka cham'mbuyo. Munthu amene K100,000 yake yabala K10,000 pa chaka chomwe mitengo yakwera ndi 30 pa 100 ali ndi K110,000 m'buku, pamene katundu yemwe akadagula ndi K100,000 tsopano akufuna K130,000. Kumuuza munthu ameneyu kuti wapindula ndi kumunamiza m'Chichewa chomveka bwino. Mpofunika mayina awiri, "phindu la m'buku" ndi "phindu lenileni", ndipo mlangizi wanzeru amayeza lachiwirili ndi matumba a feteleza, osati ndi makwacha.

Za "chiopsezo" sizifuna mawu ambiri. Mawuwa adakula ndi mauthenga a zaumoyo ndi a ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo munthu amene "ali pachiopsezo" ayenera kuthawa kapena kupulumutsidwa. M'maphunziro a zachuma risk si chinthu chongothawa ayi. Ndi kusadziwika kwa chomwe mpamba udzabale, chomwe chingapose kapena kuperewera pa chiyembekezo, ndipo woika mpamba amalolera kusadziwikako chifukwa cha phindu lokulirapo. Walira mvula walira matope. Chiopsezo chikhale cha ngozi yoti mpamba ugwe. Kukwera ndi kutsika kwa masiku onse kutchulidwe kuti "kusakhazikika kwa phindu". Akangosakaniza ziwirizi, omvera ena amathawa zonse, ena n'kumayesa kuti nkhani yonseyi ndi juga.

Pafika tsono pa mawu omwe ndi mutu wa phunziro lonse, portfolio. Mawuwa adachokera ku Chitaliyana, kumene ankatanthauza chikwama chonyamuliramo mapepala, ndipo m'zachuma amatanthauza zinthu zonse zomwe munthu waikamo mpamba, zikaonedwa pamodzi. Alembi ayesa mawu angapo. "Thumba" lidatengedwa kale, monga m'mawu oti thumba la penshoni. "Nkhokwe" imasunga mbewu ya mtundu umodzi, choncho ikunena chosemphana ndi mfundoyo. "Mtolo" umakumbutsa kulemera ndi mavuto. Otsala ndi "phukusi", ndipo ndiwo oyenera, pakuti m'phukusi mumamangidwa zinthu zosiyanasiyana za munthu mmodzi, ndipo mwini wake amadziwa chilichonse chili m'menemo. "Phukusi la chuma" ndi mawu omwe mlimi angawamve popanda kumasulira. Wina angatsutse kuti mwambi umati phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, pamene phukusi la chuma nthawi zambiri amayendetsa ndi akatswiri olembedwa ntchito. Kutsutsaku n'kwabwino, koma kukuthandiza mawuwo m'malo mowagwetsa: wopereka phukusi lake kwa wina ayenera kumafunsa zomwe zili m'katimo.

Chovuta kuposa dzina la phukusi ndi mfundo ya kamangidwe kake. Aphunzitsi ambiri amaifotokoza pomasulira mwambi wa Chingerezi wonena za mazira ndi dengu. Mwambiwo ndi wachilendo, koma cholakwika chake chachikulu n'chakuti umaphunzitsa theka la nkhani. Umangonena kuti zinthu zichuluke. Harry Markowitz, yemwe adalemba nkhani yotchuka ya mutu umenewu mu Journal of Finance mu 1952 ndipo adalandira mphoto ya Nobel mu 1990, adaonetsa kuti chofunika si kuchuluka kwa zinthu kokha, koma ngati zinthuzo zimakwera ndi kugwa pa nthawi imodzi. Madengu asanu ali pamutu pa munthu mmodzi amagwa onse iye akapunthwa.

Mlimi wa ku Mitundu amaidziwa mfundo imeneyi kuposa mwambi uja, ndipo alangizi a zaulimi adampatsa kale mawu ake: ulimi wa kasakaniza. Chimanga, mtedza ndi soya ndi mbewu zitatu, koma zonse zimadalira mvula imodzi, ndipo ng'amba ngati ya mu 2016 kapena ya mu 2024 imazikhudza pamodzi. Koma mbozi zomwe zidavuta kuyambira mu 2017 zidalimbana kwambiri ndi chimanga, mtedza n'kupulumuka. Dimba la kudambo limabala m'chilimwe pamene munda wa kumtunda uli gwaa. Mbuzi sizidwala chitopa cha nkhuku, ndipo nkhuku sizidwala chigodola cha nkhumba. Fodya amagulidwa pa mtengo wa madola kumsika wa Kanengo, kotero kuti kutsika kwa kwacha komwe kumaliza wosunga ndalama m'buku sikumugunda mlimi wa fodya m'njira yofanana, ngakhale kuti naye amakakumana nako pogula feteleza. Banja lomwe lili ndi munda, dimba, khola ndi sheya zingapo ku banki m'khonde lamanga phukusi lake mwaluso lomwe Markowitz adalilemba m'masamu. Choncho diversification akhale "kasakaniza wa chuma". Mawuwa ali ndi mbiri yabwino kumidzi, ndipo amanyamula kale ganizo loti zinthu zosakanizidwazo zikhale zosiyana chikhalidwe.

Pa correlation mlembi achenjere ndi msintho wochitirana. "Kuyenderana" kumaoneka ngati koyenera, koma m'Chichewa ndi kuchezerana kwa abale. Mawu abwino ndi "kuyendera limodzi", ndipo zinthu zomwe siziyendera limodzi ndizo zofunika m'phukusi. Chitsanzo chili pamsika wa ku Blantyre womwewo. Makampani angapo a pamsikawu ndi mabanki, monga National Bank, Standard Bank, NBS ndi FDH, ndipo onsewa amakhudzidwa ndi ziganizo za Banki Yaikulu pa chiwongoladzanja ndi momwe boma likubwezera ngongole zake. Wogula masheya m'mabanki anayi wabzala mitundu inayi ya chimanga m'munda umodzi. Komanso kampani ya Press Corporation ili ndi gawo lalikulu mu National Bank ndi mu TNM, choncho wogula masheya m'makampani atatuwa wagula ng'ombe imodzi kawiri. Izi wophunzira amaziwerengera ndi masamu ovuta, koma ngati sangathe kuzinena m'chiganizo chimodzi cha Chichewa, n'zokayikitsa ngati wazimvetsa. Mbali inayo ya nkhaniyi ili ndi mwambi wake: ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Phukusi lodzaza ndi zinthu zomwe mwini wake sakuzidziwa si kasakaniza, ndi chipwirikiti.

Kuyambira mu 2014 boma lidalamula kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1, kotero kuti wophunzira amakhala ndi mpata wochepa woganiza za masamu kapena za malonda m'Chichewa cha m'kalasi. Aphunzitsi a zachuma angathe kutseka mpata umenewu popanda kusintha silabasi. Ophunzira a ku Bunda amapita kale m'midzi yozungulira kolejiyo kukachita kafukufuku. Atapatsidwa ntchito yofotokozera gulu limodzi la banki m'khonde phunziro limodzi m'Chichewa, n'kulemba mafunso omwe mamembala afunsa, mawu olephera angaonekere pomwepo. A ku Tanzania adapeza mawu awo oti uwekezaji kuchokera ku mneni wamba wa Chiswahili wotanthauza kuika, ndipo adakhazikika chifukwa anthu ankawamva.

Mawu amodzi omwe akadali osakhazikika ndi liquidity. Womasulira wotsata dikishonale amathamangira ku madzi ndi kusungunuka, ndipo omvera amangoyang'anana. Koma banja la ku Nathenje likakhala ndi wodwala usiku limadziwa kuti nkhuku igulidwa m'mawa womwewo, mbuzi iyembekeza tsiku la msika, ndipo malo a m'mbali mwa msewu wa M1 angatenge miyezi asadapeze wogula wa mtengo woyenera. Msintho wochitika wa mneni "kugula" ukupereka "kugulika", ndipo "chuma chogulika msanga" ndi mawu oyenera kuyesedwa pa misonkhano ingapo asadalowe m'mabuku.